Gudumu la Bambo pa Mipando Iwiri

Lolemba, 3 Juni

Achimwene agamula. Njinga yamoto ya bambo ikapanda kuyenda bwino pofika Loweruka, ogula zitsulo adzaitenge. "Ikungodya malo," atero. Njinga yomwe inatilera tonsefe. Zandiwawa.

Bambo pakhonde monga mwa masiku onse, maso kumsewu. Chaka chathunthu chifereni ziwalo, osatulutsa liwu.

Lachiwiri, 4 Juni

Tayala lakumbuyo latheratu. Ndapeza la galimoto yaing'ono, monga ankachitira eniake. Ankati tayala la njinga ndi la anthu opanda katundu.

Madzi a sopo m'mphepete, zitsulo ziwiri zokanulira, bondo pamwamba. Maola atatu. Chikhadabo chimodzi chapita. Fungo la labala ndi sopo landibweza kumbuyo: ine kamtsikana pa mpope wa mpweya, bambo akuliza likhweru, choko kukhutu. Ndawasowa, chonsecho ali pakhonde pomwepa.

Timawaya ta mtovu tokulunga m'masipoko ndatitaya kudzala. Tauve.

Lachinayi, 6 Juni

Ndayesa pamsewu. Kumbuyo kukudumpha, mano kugundana. Achimwene chiseko: "Telala ngati iwe azisoka, mlongo."

Uchitsiru wanga. Timawaya tija ndi tomwe tinkalinganiza kulemera kwa gudumu. Masana onse kudzala ndi kamtengo. Ndatola tinayi.

Lachisanu, 7 Juni

Ndikukumbuka momwe bambo ankalinganizira gudumu: mipando iwiri, chitsulo chopingasa, gudumu likuzungulira pakati. Koma mtovu umamangidwa pati? Zaka zonse zija ndinkangosirira manja awo, ntchitoyo osaiona. Ndamanga apa, ndamasula, ndamanga apo. Chimodzimodzi. Mawa ndi mawa.

Loweruka, 8 Juni

Dzuwa linaswa mtengo, ndiye mipando ndinaikokera pakhonde. Ndinazunguza gudumu, n'kuligwira msanga chifukwa cha phuma.

"Lisiye. Liime lokha."

Mawu okokakoka, koma a bambo enieni. Ndinaopa ngakhale kucheuka. Ndinazunguzanso. Linapita uku, n'kubwerera, n'kuima. Dzanja lawo lomwe silinafe linatambasuka, ndinaikamo choko. Analemba pamwamba penipeni pa gudumu. Kolemera kumatsika pansi, mtovu umapita kumwamba. Basi, zomwezo.

Achimwene anali chiimire pakhomo, kapu m'manja. Lole ya ogula zitsulo inaliza hutala kugeti. Achimwene anatuluka. Ndinangomva akuti, "Pepani, mwasochera."

Abwerera, agwada, agwira mpando kuti usagwedere. Maso ofiira, akuti ndi fumbi.

Ndilekere pano. Bambo akugogoda mpando ndi choko, akufuna ndizunguzenso.