Mabotolo Aimikidwa

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno amayi ali bwino, sukulu nayo ikuyenda.

Mwina munamva kuti a Mphuno, ogulitsa vinyo aja, anatisiya. Ndi iwo okha amene ankacheza nane ngati munthu wamkulu. Ankandinunkhitsa vinyo osandimwetsa, amvekere, "Iwe mwana wasukulu, mphuno yokha, pakamwa tseka!" Anandiphunzitsanso kugoneka mabotolo chammbali kuti chotsekera chisaume.

Loweruka lililonse ndinkawatsitsira makatoni kuchipinda chapansi, poti miyendo yawo inkanjenjemera pamasitepe. Loweruka lomalizalo sindinapite. Anzanga m'kalasi ankandiseka kuti ndimanunkha ngati chidakwa, ndiye ndinadutsa tsidya lina la msewu. A Mphuno anandiona, Amalume. Anakwezanso dzanja. Madzulo ake anthu anawapeza ali gone pansi pa masitepewo.

Akazi awo akuti ndizibwerabe kusitoloko, ati malemu ankanditchula mwana wawo. Sakudziwa kanthu. Dzulo ndinasuzumira pawindo ndipo ndinaona mabotolo onse ataimikidwa, palibe wowauza. Ndinagwira chitseko, koma sindinalowe.

Amayi musawauze zimenezi. Mungondiuza ngati munthu ngati ine angalowenso mmenemo.

Ndine,
Mwana wa mlongo wanu