Masilaidi a Bwana Utawaleza

Achimwene,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji inu ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi wayamba kupepuka? Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwawa.

Paja ndinati mng'ono wathu ndamupezera malo kufakitale yathu ya matabwa. Malowo ndi apamakina ochekera, opanda chotchingira, amene chaka chino adula kale zala za anthu atatu. Ndinkadalira kuti akonzedwa iye asanafike, poti eni fakitale amabwera Lachinayi kudzamva za ntchito.

Bwana wathu anandituma kukonza masilaidi, zija amaonetsa pakhoma pamsonkhano. Nkhani ya makinayo ndinaiika koyambirira, payokha: poyera, zilembo zakuda zikuluzikulu, mzere umodzi basi, nambala ya zala yokhayo ili yofiira. Ngakhale wokhala kukhomo akanawerenga.

Bwanayu timamutcha Utawaleza, chifukwa chilichonse chimene wagwira chimatuluka ndi mitundu yonse. Atayang'ana anakwinya nkhope.

"Kodi ichi ndi chidziwitso cha maliro?" anatero.

Anandikankha pampando. Mawu onse anawanenepetsa, onse anawafiiritsa, m'mbali maluwa, pansi chithunzi chake akumwetulira. Zilembo zinkabwera chogudubuka ngati zaledzera. Akuti malo opanda kanthu ndi ulesi. Ndinayesa kunena kuti m'chipinda mukamakuwa aliyense simumveka mawu, koma anandikumbutsa kuti sukulu ndinalekezera panjira. Iye pepala ali nalo, nzeru ndiye anaziiwala pomwe anakalitenga.

Zala za anzathu zinakathera pa silaidi ya khumi ndi chinayi, pakati pa nkhani ya utoto wa mpanda ndi ya mpikisano wa mpira. Eni fakitale anafika pamenepo akuyasamula. Mmodzi anayamikira maluwawo, ena anaomba m'manja, Utawaleza n'kumawerama ngati waimba nyimbo. Mmisiri amene anaduka chala chapakati anali pomwepo akugawa madzi. Palibe anamufunsa kanthu, ndipo makina akulira mmene analili.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mnyamatayo musamukweze basi. Adandaula, mwina andida, koma abwere ndikapeza malo ena. Sindingathe kudzaima pamaso pa amayi n'kumafotokoza za dzanja lake.

Mupereke moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse.

Ndatha ine mng'ono wanu,
Wakumatabwa