Tinalira Anyamata Ali Moyo

Amayi anga Naphiri, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ine kuno ku Dublin, m'dziko la Aairishi, ndilipo, kungoti maondo ayamba kudandaula ndikamakwera masitepe, monga ankachitira anu aja. Kunja kukugwa mvula yamawawa yosadziwa kuleka, ndipo kukuzizira ngati Juni wa kwathu ku Bembeke, koma wopanda dzuwa loti munthu n'kuothera kuseri kwa nkhokwe.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti mwina sizinakupezeni. Achimwene a Lingisoni anaimba foni. Esinati wawo uja wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha Rozina, dzina lanu. Akuti watenga mphuno yanu, komanso ukali wanu bere likachedwa. Kachewere wa kudimba la kumtsinje anachita bwino chaka chino, koma mafuta a galimoto akusowa m'dziko monse, ogula sanafike, ndipo wambiri anawolera m'matumba pamsewu. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa mapasa. Denga la khitchini yanu lagwa, palibe amene walikonza. Achimwene akuti akakolola chimanga amange chiliza chanu, ndipo anandifunsa ngati ndidzabwere ndi mdzukulu wanu Mphatso. Funso limeneli ndilo landikhazika pansi kuti ndikulembereni.

Amayi, Mphatso kuno kulibe. Anapita ku Australia.

Ndikufotokozereni bwinobwino, pang'onopang'ono, ngakhale munkandiseka kuti mphunzitsi sangakuuze kumene kuli chitsime asanakuuze mbiri ya madzi. Mukukumbukira kuti titafika kuno dziko lino linali pa ntchito yomanga. Kulikonse kunali njerwa, simenti ndi makina ataliatali onyamula zitsulo. Ana ankauzidwa kusukulu kuti amene aphunzire zomangamanga sadzagona ndi njala. Mphatso anamvera, anaphunzira ukalipentala wa madenga, anakhoza bwino. Pamene amamaliza n'kuti zonse zaima. Kuno akulitchula vutoli kuti risesheni. Tanthauzo lake n'lakuti mabanki anabwereketsa zimene analibe, anthu anamanga nyumba zoti palibe wogula, tsono chingwe chaduka ndipo aliyense wagwa chagada. Kuno ku Balbriggan, katauni ka kumpoto kwa Dublin kumene ndimakhala, kuseri kwa mpanda wathu kuli mzere wa nyumba zosamaliza, zopanda mawindo, udzu ukumera m'zipinda zogona. Mphatso ankaziona tsiku lililonse pawindo la chipinda chake. Anayenda kufuna ntchito mpaka nsapato zinatha. Kenako analeka. Ankadzuka dzuwa litapendeka, n'kudya chilili, n'kubwerera kuchipinda. Ndikamufunsa kanthu ankangokweza mapewa.

Maso akewo ndinawazindikira, Amayi, chifukwa ndinali nditawawerenga kale m'mabuku.

Mukukumbukira maphunziro amene anandibweretsa kuno, aja munkauza anzanu akumpingo kuti Felesta akuphunzira za azungu oledzera? Simunanamepo kwenikweni. Anali anyamata a ku Amereka a nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Akuluakulu awo anawauza kuti nkhondo ndi ulemu, kuti kufera dziko n'kokoma. Iwo anakhulupirira, anawoloka nyanja. Ena ankayendetsa magalimoto onyamula ovulala, ena anagona m'maenje a matope pamodzi ndi mitembo ya anzawo. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, n'kupeza makolo akufuna kuti ayimbe m'tchalitchi ndi kugulitsa m'sitolo ngati palibe chachitika. Zinawakanika. Anawolokanso nyanja kukakhala ku Paris, m'tizipinda tozizira, kumwa ndi kulemba. Ankalemba ziganizo zazifupi, zouma, chifukwa mawu aakuluakulu ndi amene anawanamiza. Anthu anawatcha mbadwo wotayika.

Tsiku lina ndinakufotokozerani zimenezi pafoni. Poyamba munafunsa kuti, “Nanga anawalodza ndani?” Ndinaseka. Koma ndinapitiriza kufotokoza. Kenako munati, “Iwe, amenewo ndi atate anga. Kungoti atate sankadziwa kulemba.”

Ndi tsiku limenelo pamene munandiuza za agogo a Phiri, bambo anu. Munati anatengedwa kukamenya nkhondo ya Mngelezi ku Burma, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, inu muli wakhanda, ndipo anabwera mutayamba kale kutunga madzi. Mudzi unawalandira ndi nthungululu, iwo osamwetulira. Kutchalitchi analeka. Khasu ankaligwira pang'ono n'kulisiya. Mamendulo awo anapatsa ana kuti aziseweretsa pa fumbi. Ankangokhala pansi pa mtengo wa pichesi kuyang'ana phiri. Munati, “Kunabwera thupi lokha, munthu anatsala ku Burma.” Ndipo munali inu, kamtsikana, amene munkawapititsira chakudya, n'kugwada, n'kunena kuti, “Phiri, ndabwera.” Sankayankha. Anthu ankakusekani kuti mukulankhula ndi chitsa. Inu munkati munthu wotayika umamuitanabe ndi mfunda wake, chifukwa tsiku limene waleka ndi limene watayikadi.

Sindikunena kuti za Mphatso n'zofanana ndi za agogo. Iye sanaone magazi, sanamve mfuti. Mphunzitsi mwa ine salola kuti ndisakanize zinthu ziwirizi. Koma ndaona kuti mwana akauzidwa ndi akulu onse kuti njira ndi iyi, iye n'kuyenda mokhulupirika mpaka kupeza phompho, chimafa mwa iye ndi chimodzimodzi. Saleka kudya, saleka kupuma. Amaleka kukhulupirira mawu a akulu. Ine ndikamuuza kuti zisintha, ankandiyang'ana ngati ndikumugulitsa mankhwala a pamsika.

Maphunziro angawo ndinasiya. Thandizo la ku yunivesite linadulidwa, ndipo ndikugwirabe ntchito yosamalira okalamba ku Dún Laoghaire, kummwera kwa Dublin, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Mabuku aja ndimangowawerengera m'sitima popita ndi pobwera. Kale ndinkawawerenga ndi pensulo m'manja, kulemba m'mphepete ngati dokotala woyeza matenda a anthu ena. Masiku ano pensulo ndinaisiya.

Tsopano imvani za tsiku limene ndalemberadi kalatayi. Khomo loyandikana ndi langa kuli mayi wina wa kuno, dzina lake Breda, mayi wamfupi wapakamwa, amene amandibwereka ufa wa tirigu osabweza. Mwana wake Kevin ndi mnzake wa Mphatso kuyambira ali aang'ono, ndipo anagwirizana zopita limodzi. Breda anabwera kukhitchini kwanga n'kundiuza kuti akonza mwambo wotsanzika anyamatawo. Anandifotokozera kuti kalekale, njala itavuta m'dziko lino, mwana akamapita ku Amereka abale ankasonkhana n'kumukhuza ngati wamwalira, iye ali pomwepo, chifukwa ankadziwa kuti sadzamuonanso. Mwambowo unaiwalika m'zaka za chuma, tsopano wabwerera.

Ndinakana. Ndinati, “Breda, kwathu kulira munthu ali moyo ndi malodza. Ukufuna undiphere mwana?”

Iye anati, “Felesta, iwe ndi mabuku ako onsewo ukuopa tiyi ndi masangweji? Ukapanda kubwera ndidzakunyamula, ngakhale ndiwe wolemera kuposa firiji yanga.”

Mphatso naye anaseka, kuseka koyamba m'miyezi yambiri, n'kunena m'Chingerezi chake chija kuti ndi phwando chabe. Chifukwa cha kuseka kumeneko ndinavomera. Ndinakazinga nkhuku ndi mandasi, ndinaponya chitenje m'chikwama mosaganiza, ndipo Lamulungu masana titachoka ku Misa tinalowa kwa Breda.

Poyamba linalidi phwando. Anyamata ankanyozana za ng'ona ndi njoka za ku Australia, atsikana akujambula zithunzi. Kenako malume ake a Kevin, bambo wokalamba amene anakhala pakona tsiku lonse, anaika tambula pansi, anatsinzina, n'kuyamba kuimba yekha popanda choimbira. Mawu sindinawamve onse. Inali nyimbo ya mayi woima padoko kutsanzikana ndi mwana wake.

Amayi, pano ndiyenera kukuuzani za tsiku la maliro anu, poti inu munali m'bokosi simunaone mbali yanga. Mapepala athu opempha unzika anali asanatuluke, ndipo ondilangiza anati ndikatuluka m'dziko nditha kuonongera Mphatso mwayi. Ndiye maliro anu ndinawamvera pafoni. Achimwene anaikweza m'mwamba kumanda kuti ndimve kwaya. Ine ndinali pakhonde la kuntchito, nditavala yunifomu, mbale ya phala la gogo wina ili m'dzanja. Adzukulu asanayambe kukwirira, mayunitsi anatha. Kulira sindikanatha, chifukwa kuno munthu akalira mokweza amamuitanira nesi. Ndinameza, n'kukamaliza kudyetsa gogo uja. Chimene ndinameza tsiku limenelo chinakhala pachifuwa ngati mbatata yosapsa.

Tsono m'nyumba mwa Breda, bambo uja ali pakati pa nyimbo, chinatuluka. Sindinachiitane. Ndinangopezeka ndamanga chitenje, ndakhala pansi pa kapeti, ndatambalala ngati m'siwa, manja ali kunkhongo, ndikufuula kuti, “Mayi ine! Mayi wanga ine! Naphiri mwandisiyira yani!” Ndinalira inu, ndinalira agogo pansi pa pichesi, ndinalira Mphatso amene anaima pafupi ndi firiji ali ndi botolo m'manja. Woimba analeka. Mwana wina anayamba kuseka, amake anamutsina. Ndinkadziwa kuti ndikuchititsa manyazi mwana wanga pamaso pa anzake, koma mawu sankabwezeka.

Kenako ndinamva munthu akukhala pambali panga. Anali Breda. Anavula nsapato, anatambalala nayenso movutikira, n'kunena kuti, “Sendera uko, mayi iwe, usamalize wekha.” Ndipo analira, kulira kwenikweni, kwa mamina. Amayi ena awiri anatsika m'mipando. Tinakhala pansi pamenepo, Achewa ndi Aairishi, kulira ana athu iwo akutiyang'ana. Mphatso anatuluka panja.

Pobwerera kunyumba Mphatso anayenda patsogolo. Titafika pakhomo anatembenuka, n'kulankhula Chichewa, chimene sanachilankhule kuyambira ali kupulayimale. Anati, “Pepani, amayi.” Lilime linali lolemera ngati la wansembe wachizungu wongofika kumene. Ndinaganiza kuti mwina wasintha maganizo. Koma anapitiriza, “Koma ndipita.” Ndipo anapitadi, ndi pasipoti yomweyo imene inandimanitsa maliro anu. Ndinaidikira kuti mwana akhazikike, iyo n'kukhala kiyi wotulukira.

Masabata oyamba ankaimba. Anati wapeza ntchito kumigodi, kutali ndi tauni, kumalo a fumbi lofiira. Kenako anayamba kungolemba timauthenga tatifupi, touma, ngati ziganizo za anyamata a ku Paris aja. Tsopano ndikaimba foni imangolira. Breda akuti Kevin anasamukira tauni ina ndipo sakuonananso. Sindikudziwa ngati akudya, ngati akumwa, ngati ali ndi womufunsa kuti wadzuka bwanji.

Munkakonda kunena kuti madzi saiwala khwawa. Ndayesa kudzitonthoza nawo mawuwa, koma sakugwira. Khwawa la Mphatso ndi liti? Ku Bembeke anachokako asanadziwe kulima mzere. Kuno anakulira, koma dziko lamulavula. Bambo ake, a Mbewe, anagona kale kumanda a kwawo ku Ntcheu kumene iye sanapondeko. Olemba a ku Amereka aja anali ndi mwayi umene sindinkauona ndili ndi pensulo. Anali ndi kwawo koti akukwiyire, ndipo ambiri anabwererako atakalamba. Anasiyanso mabuku, mwakuti mpaka lero mayi wa ku Dedza amawawerenga m'sitima. Athuwa amangozimirira. Kwathu timangoti mtchona, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndipo ine ndemwe, Amayi, kodi si mtchona? Achimwene ndawayankha kuti ndiyesetsa kubwera pa chiliza, koma maola a ntchito atidulira, ndipo amene wapempha tchuthi chachitali amapeza malo ake atapatsidwa wina. Ndimaopanso kuti ndikadzatsika basi pa Bembeke anthu adzaimba nthungululu, n'kupeza kuti kwabwera thupi lokha. Za Mphatso sindinawauze. Ndinangoti ali bwino, ali pantchito. Inu nokha ndi amene ndakuuzani kuti sindikukhulupirira kuti adzaona manda anu, kapena kunyamula Rozina wamng'onoyo.

Choncho sindikulonjezani zimene sizili m'manja mwanga. Ndikulonjezani chimene munandiphunzitsa muli kamtsikana konyamula mbale. Lamulungu lililonse ndikachoka ku Misa ndimaimba nambala yake. Ikalira mpaka kutopa, pamabwera mawu a makina ondiuza kuti ndisiye uthenga. Ndimakhala pansi, n'kunena m'Chichewa kuti, “Mbewe, ndabwera.” Kenako ndimamuuza za mvula, za mbuzi yamawanga, za ufa umene Breda sanabwezebe. Kaya amamvera, kaya amafufuta asanamve, sindidziwa. Agogo sanakuyankheni mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo mwina inenso sindidzayankhidwa. Koma sindidzaleka, Amayi, kufikira mawu atandithera.

Mukawaona agogo a Phiri kumeneko, mundiuzireko ngati anayamba kuyankha.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Felesta Nabanda