Phazi la pachithunzi chachinayi

Loweruka madzulo, Seputembala. Kunatentha, kunali fumbi, ndipo mtima sunakhazikikebe.

Lero ndagwira ntchito yanga yoyamba ya tsamba la zachikhalidwe. Akonzi a nyuzipepala anandituma ku chiliza kuseri kwa Mitundu kukajambula gule wamkulu. Akazikonda zithunzizo, tsambalo likhala langa.

Nditafika kwathu ku Nathenje ndinaonetsa amayi zithunzizo pafoni. Atafika pa chachinayi anachikulitsa ndi zala. Phazi lamanzere la chilombocho lilibe chala chaching'ono, ndipo chipsera chakwera mpaka pa kakolo. Malume anali ndi phazi lotero, khasu linawatema ali mnyamata. Tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo.

Ndinayamba kufotokoza kuti alimi ambiri amadzitema ndi khasu. Amayi anandidula pakamwa.

"Anakuyang'ana?"

"Chinaima patsogolo panga kanthawi ndithu. Ndimayesa chikufuna kusupidwa."

"Achimwene sankafuna kujambulidwa, mwananga. Fufuta."

Ndafufuta iwo akuona. Sindinawauze kuti zithunzi zonse ndinatumiza kale ndili m'minibasi. Akonzi angoyankha kumene. Asankha chachinayi.