Msoti wa Chinkhoswe Changa

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Musamvere zoti ndinakana kukwatiwa ndi Gilibati chifukwa chonyadira yunivesite imene sindinamalize n'komwe. Nditachira khansa, ankhoswe ake anabwera kuno ku Mitundu, osati kudzandizonda, koma kudzafunsa amayi ngati mankhwala aja sanandiwonongere chiberekero. Ine ndinali pomwepo, koma ankandiyang'ana ngati mtondo. Ndinawayankha ndekha kuti adokotala sakulonjeza kanthu. Sanabwerenso.

Amayi akuti ndikanangokhala chete. Kuchipatala ndikupitabe, ndekha, ndipo zimene anandiuza ulendo wathawu ndidzakuuzani pamaso. Musachedwe kwambiri.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Enelesi

Msoti uja munatigulira wa chinkhoswe waswa anapiye.