Ndulu ya Mariamu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Asiyatu, ndikulemba ndili kuno ku Balaka. Ndatopa amayi, kutopa kosatha ndi tulo. Mvula inadula msanga chaka chino, chimanga cha kumudzi ku Nselema sichinafike ngakhale pakati pa nkhokwe, koma nandolo wabereka. Mkazi wa mlongo wanga Yusufu wachira, mwana ndi wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Kulongolola kwake ndi inu nomwe.

Nkhani yeniyeni ndi ya mng'ono wanga Mariamu. Maso ake anayamba chikasu monga anachitira anu, thupi kuyabwa mpaka kumadzikanda ndi chitsononkho. Kuchipatala cha kuno anatitumiza ku Blantyre. Tsiku loyamba anyamata a chipani anatibweza padepoti chifukwa Mariamu anaiwala khadi la chipani, munthu wochita kuonekeratu kuti akudwala. Ndinakumbukira mawu anu aja, "Chofunika uzimanga pansonga ya nsalu."

Ku Blantyre anamung'amba pamimba. Adokotala anandiuza kuti kanjira kamene ndulu imadutsa pochoka kuchiwindi katsekeka. Anati chotseka chikhoza kukhala chipsera chosiyidwa ndi timiyala, chimene munthu amachira, kapena khansa. Ziwirizi nthawi zina zimafanana ngakhale uziyang'ane pamakina okuza zinthu. Ndiye anadula kanyama kochepa ngati njere ya mpunga n'kukatumiza kunja, kumene amakadonthezera mankhwala amene amakakamira panyama ya khansa. Akakakamira, kanyamako kamasanduka kofiirira pagalasi. Tinabwerera kunyumba kukadikira, ndipo miyezi iwiri inatha.

Tsiku limene ankandifotokozeralo ndinawafunsa kuti ndulu imeneyi wamudyetsa ndani. Anandiyang'ana n'kundiuza kuti ndigwire pansi pa nthiti zanga zakumanja, nati pamenepo pali yanga, aliyense amabadwa nayo. Amayi, ine amene ndachotsa ndulu za nkhuku zosawerengeka potumbula, ndinaima ngati chitsiru.

Pali zimene simunazione, munali mutatisiya kale. Tsiku lija, bambo wa kuchipatala chaching'ono anauza amalume kuti chakutengani ndi ndulu. Ife tinamva ndulu ya ng'ona, ija amathira m'chakudya. Pofika sadaka ya masiku makumi anayi, mudzi wonse unali utagwirizana kuti ndi Abiti Saidi, akazi a amalume, chifukwa ndiwo ankakubweretserani thobwa mukudwala. Amene anawaponyera miphika yawo pabwalo ndine. Amene anawatchula mfiti anthu akudya mpunga wa sadaka yanu ndinenso. Anatola miphikayo n'kubwerera kwawo ku Nayuchi. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Munkandiuza inu, "Asiyatu, pakamwa pako pamathamanga kuposa miyendo yako." Ndinkaseka.

Yankho lafika Lachiwiri lapitali. Kanyama kaja kagwira mtundu. Adokotala akuti ndi khansa, ndipo pamene yafika palibenso chodula. Mariamu sindinamuuze. Ali pakhonde pano, akusokera mwana wa Yusufu kadiresi, ndipo tsiku lililonse amandifunsa ngati kalata ya kunja yabwera. Ndimamuyankha kuti positi ya masiku ano ndi yaulesi. Ndikuchita mantha, amayi, komanso ndikuchita manyazi.

Loweruka ndikwera sitima ya ku Nayuchi. Khadi ndamanga kale pansonga ya nsalu. Mwa akazi a pabanja pathu, wodziwa kusambitsa maliro ndi kukulunga sanda monga mwa Chisilamu anatsala Abiti Saidi okha. Ndiwo anakusambitsani inu, ife tisanawanene, ndipo anthu anayamikira kuti munagona bwino. Sindikufuna kuti Mariamu adzagwiridwe ndi manja achilendo.

Ndikulonjeza kuti ndikagwada pakhomo pawo, ndipo sindikadzuka mpaka atandiyankha. Ndikabwerako ndidzamuuza Mariamu zoona zake, ndi pakamwa panga pomwepa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu