Mawu a Bambo pa Wailesi

Tennant Creek
Lachiwiri, 12 Ogasiti

Wokondedwa mlongo wanga Wesley,

Ndikhulupirira uli bwino ku Sydney kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Janelle ndi ana. Kodi chifuwa chija chinawasiya anawo? Ife kuno tilipo, kungozizira m'mawa basi. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni ndikhoza kukulalatira.

Loweruka lapitali ndinapita ndi amayi kukagula buledi ndi tiyi kusitolo ya Barry. Wailesi inali yotsegula pamwamba pa firiji. Amayi atamva mawu ako ukuyamba pulogalamu ya mbiri ya oyimba nyimbo za kantire, zija za abusa a ng'ombe, anauza aliyense pamzere kuti ameneyo ndi chitsiriza wawo, uja ankakodza pogona mpaka atayamba sukulu. Anthu anaseka. Kenako unatchula dzina la bambo, lonse lathunthu, n'kuika nyimbo yawo.

Wesley, pangotha miyezi inayi chiwaikireni m'manda.

Amayi anagwetsa buledi, nakhala pansi pomwepo atatseka makutu. Azimayi awiri achibale anayamba kulira maliro pakati pa sitolo. Amene anathamanga kukazimitsa wailesiyo ndi Barry, mzungu. Zoona mzungu adziwe mwambo wa ife eni nthaka kuposa iwe wobadwira momwemo?

Ndikufotokozerenso pang'onopang'ono, monga ndinkachitira m'kalasi. Munthu akatisiya, dzina lake timaligoneka. Sitilitchula, sitionetsa chithunzi chake, sitimvetsera mawu ake, mpaka wamasiye ndi akuluakulu atanena kuti nthawi yakwana. Msuweni wathu amene anapatsidwa dzina la bambo, munthu wa ana asanu, pano akuyankhira dzina loti Kumanjayi, limene timaitanira aliyense wa dzina lofanana ndi la womwalira, ngakhale kuntchito, ndipo sadandaula.

Chimene chinakupsetsa mtima ndikuchidziwa, inenso chimandiwawa. Mabuku a mbiri ya nyimbozi amene ndinawerengapo amadzaza ndi azungu a zipewa zazikulu, ngati kuti abusa a ng'ombe akuda anali osalankhula. Bambo anaphunzira kuyimba kufamu, ataima panja pa zenera kumvetsera galamafoni ya kapitawo. Gitala yoyamba anailumikiza ndi waya wa mpanda. Anayenda zaka makumi awiri ndi magulu oyimba m'matenti, anthu akuwaombera m'manja, koma chakudya akulandirira kukhomo lakumbuyo. Pazikwangwani ankangolembedwa kuti "ndi anzake". Ukufuna kuwabwezera dzina lawo, ndipo sukulakwa kufuna. Koma anthu amene anakhala zaka makumi asanu osawafunsa n'komwe, chawavuta n'chiyani kudikira chaka chimodzi?

Tsopano ndinene mlandu wanga. Matepi aja a nyimbo za bambo ndinakupatsa ndine, mobisa, tsiku lomwe unkabwerera ku Sydney titaika maliro, poopa kuti awotchedwa limodzi ndi zovala zawo. Ndinati uwasunge. Sindinati uwaulutse.

Lamlungu amalume a Reggie anabwera kudzafunsa kuti mawu a alamu awo anafika bwanji ku Sydney. Ndinanama. Ndinati mwina akuwailesi anali nawo kalekale. Anandiyang'ana n'kunena kuti bodza langa n'lopyapyala ngati tiyi wa kuchipatala, ndibwerere kukaphunzitsa masamu. Anatinso mawuwo akamvekanso kachiwiri, iwe usadzaponde pamwambo wotsiriza maliro, ukadyere ulemu wako komweko kwa anthu a m'tauni.

Amayi sanakunyoze ngakhale pang'ono. Angondifunsa dzulo ngati mwana wawo waiwala kuti iwo adakali moyo. Kusitolo akukana kupitanso.

Ndamva kuti gawo lachiwiri la pulogalamuyo ndi Loweruka likubwerali. Chotsamo dzina ndi nyimbo za bambo, chonde. Akuluakulu ako akuwailesi uwauze chifukwa chake mosachita manyazi. Ngati akufunadi mbiri yathu, adziwe kuti kukhala chete kumeneku ndi mbali ya mbiriyo. Nthawi ikadzakwana ndidzakuthandiza ndekha, chifukwa nyimbo iliyonse ndikudziwa chaka chake ndi tauni imene inayambira.

Mawa ndikupita kwa amalume kukaulula za matepi, zonena zawo ndikazimva ndekha. Mbali yanga ndi imeneyo. Yako ndi Loweruka. Ndidzakaimika galimoto kutali ndi nyumba, kumene amayi sangamve, ndi kutsegula wailesi.

Mulungu akusunge, akupatsenso mtima womva. Undiperekere moni kwa alamu anga, ana uwapsompsone m'malo mwanga.

Ndine mlongo wako wokukonda, ngakhale wakwiya,
Noreen